Mafuwa Atatu a Citetezo ca Thupi: Puloteni ya HLA Siima Popanda Katundu Wake

Maselo a m'thupi mwa munthu amapereka lipoti kwa asilikali a citetezo ca thupi usana ndi usiku, kuwauza zimene zikucitika mkati mwao. Lipotilo ndi tizidutswa ta mapuloteni amene selo likupanga pa nthawiyo. Selo limatiika panja, pa khungu lake, ndipo asilikali amene amayendayenda m'thupi amatiyang'ana akamadutsa. Akaona tizidutswa ta thupi lomwelo amapitiriza ulendo wao. Akaona kacidutswa ka kacirombo koyambitsa matenda amadziwa kuti m'nyumbamo mwalowa mdani, ndipo amapha selolo pamodzi ndi mdaniyo.

Cimene cimanyamula tizidutswati ndi puloteni yotchedwa HLA. M'mabuku a sayansi imatchedwanso MHC, dzina limene limagwira nchito pa anthu ndi nyama zomwe. Munthu akamva koyamba za puloteni imeneyi amaganiza za mbale youmbidwa kale, imene ikungodikira kuti aikemo ndiwo. Zimene akatswiri anapeza kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 n'zosiyana ndi zimenezo: HLA yopanda kacidutswa siikhalitsa, ndipo pa kutentha kwa thupi la munthu imagwedera n'kuphwasuka. Katundu amene yanyamula ndiye amaimangitsa. Mfundoyi ikuoneka yaing'ono, koma pa iyo patsamira nkhani zazikulu, monga cifukwa cake HIV imathamanga mwa ena n'kucedwa mwa ena, ndiponso cifukwa cake mankhwala amodzimodzi amadwalitsa munthu wina osamukhudza mnzake.

Puloteni iliyonse ili ngati cingwe cotungidwa mikanda. Mikandayo amaitcha ma amino acid, ndipo ilipo ya mitundu 20. Puloteni imodzi imatha kukhala ndi mikanda mazanamazana. Cingweco cikadulidwa, kacidutswa kafupi kotsalako akatswiri amakatcha peptide. HLA ya gulu loyamba, imene nkhani ino yatsamirapo kwambiri, imanyamula tizidutswa ta mikanda 8, 9 kapena 10, ndipo amene amatiyang'ana ndi maselo a T otchedwa CD8, abale a maselo a CD4 amene omvera athu ambiri amawamva ku cipatala.

Mmene zinadziwikira

HLA inayamba kudziwika ngati cinthu covutitsa madokotala. Dokotala wa ku France, a Jean Dausset, anafotokoza HLA yoyamba ya munthu mu 1958 atapima magazi a odwala amene anali ataikidwa magazi kambirimbiri. Kwa zaka zambiri inkadziwika cabe ngati cimene cimacititsa thupi kukana impso kapena khungu locokera kwa munthu wina. Koma thupi silikanasunga puloteni yongodikira tsiku la opaleshoni. Mu 1974, mu mzinda wa Canberra ku Australia, a Rolf Zinkernagel ndi a Peter Doherty anaona kuti maselo a T a mbewa amapha selo lodwala pokhapokha ngati selolo lili ndi MHC yofanana ndi yao. Nchito imeneyi inawapatsa mphotho ya Nobel mu 1996. Kenaka mu 1986 a Alain Townsend a ku Oxford anasonyeza kuti maselo a T safunika kuona kacirombo ka cimfine kathunthu. Kacidutswa kafupi ka puloteni yake ya mkati n'kokwanira.

Maonekedwe a HLA anadziwika mu 1987 pa yunivesite ya Harvard ku America, pamene a Pamela Bjorkman, pogwira nchito ndi a Don Wiley ndi a Jack Strominger, anajambula HLA ya mtundu wa A2 ndi kuwala kwa X-ray. Pamwamba pake panaoneka kangalande, kokhala ndi makoma awiri opotana m'mbali ndi pansi pambalambanda. Cimene cinadabwitsa onse n'cakuti m'kangalandemo munali mutagona kale kanthu kamene ofufuzawo sanaikemo. Tinali tizidutswa tosiyanasiyana timene HLA inacoka nato m'selo, ndipo tinakanirira mommo ngakhale kuti puloteniyo inali itasefedwa ndi kutsukidwa kambiri.

Conco HLA yokwanira ili ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi cingwe cacikulu cimene cimazika m'khungu la selo ndi kupanga kangalande kaja. Malangizo opangira cingweci ali pa chromosome 6. Yaciwiri ndi kapuloteni kakang'ono ka mikanda 99 kotchedwa beta-2 microglobulin, kamene kamakhala kunsi n'kucirikiza pansi pa kangalande. Yacitatu ndi kacidutswa. Aliyense wophika pa nkhuni amadziwa kuti mphika umakhala pa mafuwa atatu, ndipo ukacotsapo fuwa limodzi, awiri otsalawo sangausunge ngakhale akhale aakulu motani. Kacidutswa ndiko fuwa laling'ono pa onse, koma ndilo limasintha nthawi ndi nthawi, ndipo mphika wonse umadalira mmene lakhalira.

Maselo amene anaulula cinsinsi

Umboni weniweni unacokera ku maselo olumala a mbewa otchedwa RMA-S, amene a Klas Kärre ndi a Hans-Gustaf Ljunggren anawapatula ku Karolinska mu mzinda wa Stockholm pakati pa zaka za m'ma 1980. Maselowa ankapanga cingwe cacikulu ndi kapuloteni kakang'ono kaja bwinobwino, koma pa khungu lao panali MHC yocepa kwambiri. Zipangizo zinalipo, nyumba osaoneka. Mu 1989 a Townsend ndi anzao anathira tizidutswa ta kacirombo ka cimfine m'madzi amene maselowo ankakuliramo, ndipo MHC inaculuka pa khungu lao. Kanthu kocokera kunja, kakang'ono koposa mbali zina zonse, kanali kokwanira kugwirizanitsa mbali ziwiri zimene zinkalephera kugwirana zokha.

Caka cotsatira, mu 1990, a Ljunggren ndi anzao, pamodzi ndi gulu la a Hidde Ploegh a ku Amsterdam, anacita cinthu capafupi kwambiri. Anangotsitsa kutentha. M'malo mosunga maselo a RMA-S pa madigiri 37, amene ndi kutentha kwa thupi, anawasunga pa madigiri 26. MHC yopanda kanthu inatuluka yambiri n'kukhala pa khungu la maselowo. Atawabwezera pa madigiri 37 inazimiririka posakhalitsa. Koma pamene anayamba athira kacidutswa koyenera asanakweze kutentha, MHC ija inakhalabe m'malo mwake. Pa zoyesa zonse zimene zacitika pa nkhaniyi, ici ndico comveka kwa munthu aliyense: mafuwa awiri amaoneka ngati agwira mphika pamene palibe cougwedeza, koma kutentha kwa thupi kokhako n'kugwedeza kokwanira kuugwetsa. Pambuyo pake kunadziwika kuti cilema ca maselowa cinali pa khomo limene tizidutswa timalowera kupita kumene MHC imamangidwira, khomo lotchedwa TAP.

Mu 1992 a David Garboczi, a gulu la a Wiley, anatsimikiza mfundoyi popanda selo n'komwe. Anagwiritsa nchito mabakiteriya kupanga cingwe cacikulu pacokha ndi kapuloteni kakang'ono pakokha, n'kuzisakaniza m'botolo. HLA yokhazikika inapangika pokhapokha m'botolomo mutaikidwanso kacidutswa koyenera. Njira imeneyi ikugwirabe nchito m'malo ofufuzira ambiri mpaka lero.

Nanga kacidutswa kamagwira bwanji? Kangalande ka HLA ya gulu loyamba n'kotseka kumutu ndi kumcira, n'cifukwa cake kacidutswa katalikitsa sikalowa, ndipo kakatalikirapo pang'ono kamapindika pakati ngati msana wa mphaka. Nsonga ziwiri za kacidutswa zimamangidwa ndi timfundo tambiri tating'onoting'ono ku mbali za kangalande zimene sizisintha kwenikweni pakati pa munthu ndi munthu. Pansi pa kangalande palinso timaenje 6, tonga maenje a nsolo, timene akatswiri anatipatsa zilembo kuyambira A kufika F. Mikanda ina ya kacidutswa imaloza pansi n'kulowa m'timaenjeti, pamene ina imaloza kumwamba kumene selo la T limaiona.

Timaenjeti ndito timasiyanitsa anthu. Mu 1991, ku Tübingen m'dziko la Germany, a Hans-Georg Rammensee ndi a Kirsten Falk ndi a Olaf Rötzschke anacotsa tizidutswa m'ma MHC osiyanasiyana n'kuwerenga mikanda yake. Anapeza kuti mtundu uliwonse uli ndi zokonda zake. HLA ya A2 imafuna leucine kapena methionine pa mkanda waciwiri, ndi valine kapena leucine pa womaliza. HLA ya B27 imaumirira arginine pa mkanda waciwiri. Mikanda yotsalayo ingakhale iliyonse. Mwa njira imeneyi mtundu umodzi wa HLA umatha kunyamula tizidutswa masauzande ambiri, komabe sunyamula ciliconse. Munthu amalandira mitundu yosaposa 6 ya HLA zazikulu za gulu loyamba, itatu kwa amai ndi itatu kwa atate, ndipo pa dziko lonse palembedwa mitundu ya HLA yoposa 30,000.

Funso lakuti mphamvu zambiri zili pa nsonga kapena m'timaenje linayankhidwa mu 1994 ndi a Marlene Bouvier ndi a Wiley. Iwo ankatenthetsa HLA ya A2 pang'onopang'ono kuti aone pamene idzasungunukira. Atasintha mikanda iwiri yolowa m'timaenje pa kacidutswa ka kacirombo ka cimfine, HLA inaphwasuka msanga ndi madigiri 5.5 okha. Ataononga nsonga imodzi ya kacidutswako, inaphwasuka msanga ndi madigiri pafupifupi 22. Ataononga nsonga zonse ziwiri, sinamangike n'komwe. Ndiye kuti timaenje timasankha amene alowe, koma nsonga ndizo zimakoka makoma awiri a kangalande kuti agwirane. Makomawo akagwirana, pansi pamakhazikika, ndipo kapuloteni ka kunsi kaja kamakanirira. Kacidutswa kakacoka, kapuloteniko nako kamatsatira, ndipo cingwe cacikulu cotsala cokha cimakokeredwa mkati mwa selo n'kuphwanyidwa.

Mmisiri wogwedeza mpini

Mkati mwa selo muli cigayo cotchedwa proteasome, cimene cimagaya mapuloteni okalamba ndi opangidwa molakwika. Sicisankha. Selo likalowedwa ndi kacirombo, mapuloteni a kaciromboko nao amagwera m'cigayomo. Tizidutswa tina totuluka m'menemo timalowetsedwa pa khomo la TAP kupita m'cipinda cotchedwa endoplasmic reticulum, mmene HLA zatsopano zimamangidwira. M'cipindamo muli puloteni ina, ERAP1, imene imadulira tizidutswa tatalitali kuti tifike pa muyeso.

Popeza HLA yatsopano singaime yokha, pamakhala anamwino oigwirizira mpaka itapeza katundu. Wamkulu mwa iwo ndi puloteni ya tapasin, imene gulu la a Peter Cresswell a ku Yale linaifotokoza mu 1996. Tapasin imamangirira HLA pafupi ndi khomo la TAP, ndipo imagwira khoma la kangalande ca ku kadzenje ka F, n'kulisiya lotseguka pang'ono. Kacidutswa kogwira mofooka kakalowa, kamapulumuka n'kugwa. Kogwira molimba kakalowa, kamakoka khomalo kuti litseke, tapasin imataya, ndipo HLA imaloledwa kunyamuka ulendo wa ku khungu la selo. Zikufanana ndi mmisiri amene amayamba wagwedeza khasu pa mpini asanalipereke kwa mwini munda, logwedera limabwerera. Cithunzi ca gulu lonse la mapuloteniwa ali pa nchito cinatulutsidwa mu 2017 ndi gulu la a Robert Tampé a ku Frankfurt.

Apa m'pamene pamaoneka kuti kufooka kwa HLA yopanda kanthu kuli ndi phindu. Tiyerekeze kuti ikanakhala yolimba ngati mbale. Ikanatuluka yopanda kanthu, n'kutola kacidutswa kalikonse koyandama kunja, ngakhale kocokera m'selo lina lodwala limene laphulika pafupi. Asilikali akanapha selo labwinobwino cifukwa ca umboni wa mnzake. Selo la T limatha kupha litaona tizidutswa ta mdani tosafika ngakhale 10 pakati pa masauzande ambirimbiri ta thupi, motero kulakwitsa kwakung'ono kukanapululutsa maselo osalakwa. Popeza HLA imamangika pokhapokha italandira kacidutswa mkati, ndipo imaphwasuka ikangokataya, zimene zili pa khungu la selo zimanena kwenikweni za selo lomwelo, ndiponso za masiku omwewo.

Palinso nkhani ya nthawi. Selo la T lodziwa kacidutswa kena kake ndi limodzi pakati pa maselo ambirimbiri, ndipo limatenga nthawi kuti lifike. Kacidutswa kogwira bwino kamakhala pa khungu la selo kwa maola ambiri, kena kupitirira tsiku. Kogwira mofooka kamagwa msilikali asanafike, ndipo zimakhala ngati sikanaonetsedwe n'komwe.

HLA ya gulu laciwiri, imene maselo a CD4 amayang'ana, ili ndi vuto lomwelo koma inalithetsa mwa njira ina. Kangalande kake n'kotseguka ku mbali zonse ziwiri ndipo kamalandira tizidutswa totalikirapo, ta mikanda 13 kufika 25. Ikangopangidwa imapatsidwa kacidutswa kobwereka kotchedwa CLIP, kongosunga malo, ndipo ikafika kumene kuli zinthu zimene selo lameza kucokera kunja, puloteni ya HLA-DM imacotsa kobwerekako kuti keniko kalowe. Nayonso siiloledwa kuyenda yopanda kanthu.

Kumene adani amamenya

Tizirombo tinazindikira kalekale pamene pali pofooka. Ka herpes, kamene kamatulutsa zilonda pamilomo, kamapanga puloteni yotchedwa ICP47 imene imatseka khomo la TAP. Kena kotchedwa cytomegalovirus kamatseka khomo lomwelo ndi puloteni yake ya US6. Safunika kulimbana ndi HLA yeniyeniyo. Tizidutswa tikasiya kulowa, HLA imadzigwera yokha, monga mmene zinalili m'maselo a RMA-S. Maselo ena a khansa amafika pomwepo posiya kupanga kapuloteni kakang'ono ka kunsi kaja.

Thupi nalo lili ndi yankho. Pali gulu lina la asilikali, maselo a NK, amene nchito yao ndi kuwerenga HLA. A Kärre ndi amene anasonyeza mu 1986, pogwiritsa nchito maselo omwe aja a RMA-S, kuti selo limene HLA yake yacepa limaphedwa ndi maselo a NK. Nyumba imene yasiya kupereka lipoti imakayikiridwa. HIV inapeza njira yodutsira pakati: puloteni yake ya Nef imacotsa HLA za A ndi B pa khungu la selo, zimene maselo a CD8 amadalira kwambiri, koma imasiya za C ndi E, zimene zimatontholetsa maselo a NK.

Alipo anthu ocepa kwambiri amene amabadwa khomo la TAP lili lofa. Mu 1994 a Henri de la Salle a ku Strasbourg anafotokoza za ana awiri a mimba imodzi amene anali otero. Maselo ao anali ndi HLA ya gulu loyamba yocepetsetsa, ngakhale kuti malangizo opangira HLA anali abwinobwino. Anthu otere amavutika kawirikawiri ndi matenda a m'mphuno ndi m'mapapo obwerezabwereza, ndipo ena amatuluka zilonda za pakhungu zosapola msanga.

HIV ili ndi cida cina, cimene ndi kusintha msanga. Mu 1997 a Philip Goulder ndi anzao a ku Oxford anafotokoza za odwala okhala ndi HLA ya B27 amene anakhala zaka zambiri kacirombo kali kogonja m'thupi mwao. Asilikali ao ankalimbana ndi kacidutswa kamodzi ka puloteni ya HIV yotchedwa Gag. Patapita zaka, kaciromboko kanasintha mkanda umodzi wokha, arginine uja wa pa malo aciwiri amene B27 imaumirira. Kacidutswako kanaleka kugwira m'kadzenje, kanaleka kuoneka, ndipo matenda anakula. Asilikali analipobe, koma cowalozera mdani cinali citacoka.

B27 siipezeka kawirikawiri mwa anthu a kuno. Imene ili ndi mbiri yofanana nayo kwathu ndi B57, ndipo umboni wina wofunika pa iyo unacokera mu Lusaka, ku kafukufuku wa mabanja amene mmodzi ali ndi HIV pamene mnzake alibe, amene a Susan Allen anayambitsa mu 1994. Mu 2002 a Jianming Tang ndi anzao analemba kuti anthu a mu Zambia okhala ndi B57 anali ndi HIV yocepa m'magazi poyerekeza ndi ena. B57 imagwira tizidutswa ta Gag tocokera pa mbali zimene kacirombo sikangasinthe popanda kudzipweteka. Kamasinthabe kuti kathawe, koma kamatuluka kotsimphina, kosaswana mwamphamvu ngati kale. Mu 2008 a Paul Goepfert ndi anzao anapeza m'mabanja omwewo kuti munthu amene wapatsidwa HIV yokhala ndi masinthidwe ambiri otere pa Gag amayamba ndi kacirombo kocepa m'magazi. Zimenezi sizitanthauza kuti pali amene HLA yake imamuteteza kutenga HIV kapena kumumasula ku ma ARV. Zimangofotokoza cifukwa cake, m'masiku amene mankhwala kunalibe, anthu awiri otenga kacirombo caka cimodzi ankayenda maulendo osiyana kwambiri.

Malungo nao ali m'nkhaniyi. Maselo ofiira a magazi, mmene kacirombo ka malungo kamaswanirana, alibe HLA yokwanira kupereka lipoti, conco maselo a CD8 amakapeza kokha pamene kali m'ciwindi, masiku oyambirira udzudzu utangoluma. Mu 1991 a Adrian Hill anapeza kuti ana a ku Gambia okhala ndi HLA ya B53 sankagwidwa kawirikawiri ndi malungo oopsa, ndipo mu 1992 gulu lao linapeza kacidutswa ka puloteni ya m'ciwindi ya kaciromboko kamene B53 imakagwira.

Opanga katemera amafuna kudziwa kuti pa tizidutswa tonse ta kacirombo, ndi titi timene tingadzutse asilikali. Kwa nthawi yaitali ankayesa mphamvu imene kacidutswa kamakokera nayo HLA. Mu 2012 gulu la a Søren Buus a ku Copenhagen linasonyeza kuti kutalika kwa nthawi imene kacidutswa kamakhala m'kangalande kasanagwe kumalosera bwino koposa. Makompyuta tsopano amawerengera zimenezi asanayambe kuyesa pa anthu, ngakhale pa katemera wa khansa amene amapangidwira wodwala mmodzi payekha. Covuta n'cakuti kompyuta imadziwa bwino mitundu ya HLA imene yafufuzidwa kwambiri, monga A2 yofala ku Ulaya, pamene mu Africa, mmene muli mitundu yosiyanasiyana koposa, yambiri sinafufuzidwe mofanana. Pa cifukwa ici kafukufuku wonga wa mu Lusaka uja ndi wamtengo wapatali kuposa mmene ambiri amauonera.

Mankhwala olowa m'kadzenje

Abacavir ndi amodzi mwa ma ARV amene ana ambiri okhala ndi HIV amamwa, kuphatikizapo kuno ku Zambia. Atangoyamba kugwiritsidwa nchito kumaiko a azungu, odwala pafupifupi 5 pa 100 alionse ankatentha thupi, kutuluka zidzolo, kusanza ndi kubanika m'milungu yoyambirira. Mu 2002 a Simon Mallal a ku Perth m'dziko la Australia anapeza kuti ambiri mwa odwalawo anali ndi mtundu umodzi wa HLA, wotchedwa B*57:01. Cifukwa cake cinadziwika patapita zaka 10, mu 2012, pamene a Patricia Illing ndi anzao a ku Melbourne, komanso magulu ena, anajambula HLA imeneyi ili ndi mankhwalawo.

Abacavir amalowa pansi pa kangalande n'kukhala m'kadzenje ka F. Kadzenjeko kamacepa. Tizidutswa timene B*57:01 imanyamula masiku onse, tokhala ndi mkanda waukulu kumapeto, tambiri timalephera kukwana, ndipo m'malo mwake mumalowa tina tokhala ndi mkanda waung'ono. Tizidutswa tatsopanoti ndi ta thupi lomwelo, koma asilikali sanationepo cibadwire. Mwadzidzidzi maselo a thupi lonse amaoneka ngati alendo, monga impso yocokera kwa munthu wina, ndipo nkhondo imabuka. M'maiko amene mtundu umenewu ndi wofala, wodwala amayamba wapimidwa magazi asanapatsidwe mankhwalawa.

B57 yofala mwa anthu a kuno ndi B*57:03. Imasiyana ndi inzake ija pa mikanda iwiri yokha, wa nambala 114 ndi wa 116, ndipo yonse iwiri ili pansi pa kangalande. Pa 116 pali tyrosine, mkanda waukulu umene umadzaza malo amene abacavir akanakhala, motero mankhwalawo sapeza pogona. Pa kafukufuku wa ARROW, amene anatsatira ana oposa 1,000 a ku Uganda ndi Zimbabwe, ana amene anadwala mwa njira imeneyi sanafike ngakhale mmodzi pa 100 alionse. Komabe vutoli, ngakhale ndi losowa, limacitika makamaka m'milungu 6 yoyambirira. Mwana amene wayamba kumene abacavir akatentha thupi pamodzi ndi zidzolo, kusanza kapena kupuma movutika, ayenera kupita naye ku cipatala tsiku lomwelo, ndipo ngati adokotala aimitsa mankhwalawo pa cifukwa cimeneci, asadzapatsidwenso, popeza ulendo waciwiri thupi limalimbana nao mwaukali woti ungathe kupha.